Buku la Nthondo ndi Mwana wa ku Migodi

Makolo ambiri a Cinyanja okhala ku Wusakile mu Kitwe kapena ku Chifubu mu Ndola amadandaula kuti ana ao sadziwa kuwerenga cinenero ca kwao. Ena, pofuna kukonza bvutoli, ampatsa mwana buku la Nthondo, limene analemba Samuel Josia Ntara ndi kulandira nalo mphotho m'caka ca 1933. Kodi nzeru imeneyi ili bwino?

Bukuli ndi labwino ndithu. Ntara asimba moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwace, pofotokoza za ubwana wace wopulupudza, kufikira atakhala mfumu ya mudzi. Cinyanja cace ncakupsya, conga ca nkhalamba pabwalo. Koma sanalembere mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi ai. Ziganizo zace nzazitali, ndipo zinthu za kumudzi zimene azichula, mwana wobadwira m'komboni sanazione. Iye adziwa basi, msika ndi mgodi wa Nkana, nkhokwe saidziwa. Kumsiya yekha ndi buku lotere kuli ngati kumpatsa khanda cimanga cokazinga: adzalavula, nadzayesa kuti kuwerenga konse nkowawa.

Tsono bukuli likhale m'manja mwa kholo. Madzulo, atatha kudya, atate kapena amai awerenge mokweza tsamba limodzi lokha, mwana ali pambali kuona cala cikuyenda pansi pa mau. Pofika pa liu lacilendo aime, namasulire. Pomaliza amfunse: "Nanga iwe ukadacita ciani?" Pambuyo pace amsonyeze mau afupi, monga "mai" ndi "moto," kuti awapeze yekha pa tsambalo.

Ena aopa kuti Cinyanja cidzasokoneza mwana amene amva Cibemba pa mseu ndi Cingerezi ku sukulu. Mantha awa ngacabe. Malemba a, e, i, o, u amveka cimodzimodzi m'Cibemba ndi m'Cinyanja; wodziwa kulumikiza "ma" ndi "ta" m'cinenero cimodzi sabvutika m'cinzace, ndipo Cingerezi comwe acipeza ali ndi poyambira.

Inu amene mwatsiriza sukulu, nchitoyi njanunso. Ngati makolo sadziwa kuwerenga, awerengereni ang'ono anu, ndipo agogo amasulire za nkhokwe ndi za bwalo. Potero mwana adzalandira zonse ziwiri, malemba ndi mudzi wa makolo ace.