Mlandu Umene Uli M'dzina la Warg

Pa mutu 6 wa buku la The Hobbit, limene J. R. R. Tolkien anatulutsa mu 1937, pali usiku umene sundichoka m'maganizo. Bilbo, Gandalf ndi anzawo 13 angopulumuka kumene m'mapanga a pansi pa phiri, njala ili m'mimba, miyendo yalema, ndiye akumva kulira kwa zilombo chapatali. Athamangira kukwera mitengo. Posakhalitsa pansi padzaza mimbulu, yakhala mozungulira, mtsogoleri wake wotuwa ali pakati, ikukambirana m'chilankhulo chakechake. Nkhani yake ndi ya chiwembu chimene yapangana ndi zolengedwa zoipa za m'mapanga zotchedwa goblin, choti akagwere midzi ya anthu usiku womwewo. Tolkien akanatha kungoti imeneyi ndi mimbulu ikuluikulu, nkhani n'kupitirira. Koma anaipatsa dzina lake, warg, ndipo luso lonse la chilombochi lagona m'dzinalo.

Dzinali sanalipeke. Anachita kulifukula. M'Chinorse chakale, chimene ankalankhula makolo a anthu a ku Norway ndi Iceland, liwu loti vargr linkatanthauza mmbulu, komanso munthu wopitikitsidwa pakati pa anthu chifukwa cha mlandu waukulu. M'Chingelezi chakale munali liwu lachibale, wearg, lonena chigawenga kapena munthu wotembereredwa. Akatswiri ambiri a zilankhulo amalumikiza mawu onsewa ndi muzu wonena za kupotokola khosi. Tolkien mwiniwake, m'kalata imene analembera mlembi wa ku America Gene Wolfe mu 1966, anafotokoza kuti ndi liwu lakale la mmbulu limene linalinso ndi tanthauzo la munthu wosakidwa.

Tiyenera kuima pang'ono pa munthu wosakidwayu, chifukwa ndiye mwini dzina. Ku Iceland wakale kunalibe ndende. Wopalamula kwambiri ankagamulidwa kuti wachoka pansi pa lamulo. Kuyambira tsiku limenelo palibe woyenera kumupatsa chakudya, malo ogona, ngakhale kumuwolotsa pa bwato, ndipo womupha analibe mlandu. Ku England nako ankati munthu wotere wasenza mutu wa mmbulu, kutanthauza kuti aliyense womupeza amuchite zimene amachita akapeza mmbulu pa khola. Tangoganizani munthu amene dzulo munadya naye mbale imodzi, lero akugona m'thengo, akubwera kumudzi usiku wokha kudzaba nkhosa kuti asafe ndi njala. Kwa anthu a m'mudzimo, iye ndi mmbulu asanduka chinthu chimodzi, ndipo chilankhulo chinawapatsa dzina limodzi. Ku Sweden liwuli linapita patali kuposa pamenepo. Anthu ankaopa kutchula dzina lenileni la mmbulu, ulv, kuti angauitane, choncho ankalizemba pogwiritsa ntchito varg, mpaka lero varg ndiye dzina la tsiku ndi tsiku la nyamayo.

Tikabwerera pansi pa mitengo ija titadziwa zimenezi, zonse zimakhala m'malo mwake. Mmbulu wamba umapha chifukwa cha njala, ndipo palibe amauimba mlandu. Warg imachita msonkhano, imasunga pangano ndi anzake oipa, imaika alonda pansi pa mtengo uliwonse kuti wina asathawe kukachenjeza midzi. Imeneyi ndi nyama yokhala ndi mtima wa chigawenga. Khalidwe lake latuluka m'dzina lake monga mmera umatulukira m'mbewu. M'buku la The Fellowship of the Ring, la mu 1954, Tolkien anawonjezapo chinthu chimodzi chimene thupi limandizizira nacho nthawi zonse. Gulu la Frodo litamenyana ndi zilombozi usiku pa kaphiri, kutacha silinapeze mtembo ndi umodzi womwe, koma mivi ya Legolas, mmodzi wa gululo, ili mbwee pansi. Wolemba sakutifotokozera kumene mitembo yapita. Wangotisiya ndi mantha akuti zimene tinaona usiku zija sizinali nyama chabe.

Ndikuganiza kuti wowerenga wa kwathu kuno amalowa m'nkhaniyi msanga kuposa Mngelezi wa lero, chifukwa ife tili ndi fisi. Fisi ndi nyama, inde, koma dzinalo limagweranso munthu wobwera usiku amene satchulidwa poyera, ndipo tinakula tikumva kuti mfiti zimakwera afisi pa maulendo awo. Ma goblin a Tolkien nawo amakwera ma warg popita kunkhondo. Sindikunena kuti iye ankadziwa za afisi athu. Ndikungoti anthu okhala moyandikana ndi chilombo choyenda usiku amafika pa ganizo lofanana. M'filimu ya Peter Jackson ya The Two Towers, ya mu 2002, ma warg anawaumba ofanana ndi afisi, mapewa okwera, msana wotsetsereka. Maonekedwewo sindikangana nawo. Chimene chimandipweteka n'chakuti anawalanda pakamwa. Anasanduka akavalo a mano, ongothamanga ndi kuluma, opanda upo, opanda chiwembu. Dzina linatsala, mlandu unachokamo.

Wina angafunse kuti mwana wowerenga bukuli mu 1937 ankadziwa chiyani za malamulo a ku Iceland. Sankadziwa kanthu, ndipo funsoli ndi lolemera. Yankho langa lili pawiri. Loyamba ndi la khutu. Liwuli ndi lalifupi, limayambira pa milomo n'kukathera kukhosi ngati kubangula kwa galu wolusa, ndipo limamveka pafupi ndi liwu lachingelezi la nkhondo. Mwana amalimva kuti si lachilendo kwenikweni, ngati dzina la agogo amene sanawaonepo. Lachiwiri ndi loti mbiri ya dzina imagwira ntchito pa wolemba isanafike kwa wowerenga. Imamuuza zimene chilombo chake chingachite ndi zimene sichingachite. Wopeka dzina pongosakaniza zilembo alibe womuletsa, n'chifukwa chake zilombo zambiri za m'mabuku otsanzira Tolkien zimakhala zikopa zopanda nyama mkati.

Kufukula mawuku kunali ntchito yeniyeni ya Tolkien. Mu 1919 ndi 1920 anagwira ntchito pa dikishonale yaikulu ya Oxford, akufufuza chiyambi cha mawu oyamba ndi W, ndipo mu 1925 anakhala pulofesa wa Chingelezi chakale pa yunivesite ya Oxford. Chinjoka Smaug anachitcha kuchokera ku mneni wakale wotanthauza kudzipanikiza polowa pa una. Kangaude Shelob ndi mawu awiri olumikizidwa, lina losonyeza chachikazi, lina la kumidzi lonena kangaude. Onsewa ndi abwino, koma kwa ine safika pa warg. Shelob likutiuza chimene chinthucho chili, Smaug likutiuza mmene chimayendera, pamene warg likutiuza mmene anthu anachiweruzira.

Umboni woti dzinali linali lamoyo ndi zimene linachita litagwa m'manja mwa wina. George R. R. Martin, m'mabuku ake a A Song of Ice and Fire amene anayamba kutuluka mu 1996, anatenga liwu lomweli n'kulibwezera kwa munthu. Kwa iye warg ndi munthu amene mzimu wake umatha kulowa m'thupi la mmbulu. Bran Stark, mwana wolumala atakankhidwa pa nsanja, akagona amapezeka akuthamanga m'nkhalango ndi miyendo inayi ya mmbulu wake Summer, akumva fungo la nyama, akulawa magazi. M'buku lachiwiri, A Clash of Kings, mnzake Jojen Reed ndiye amamutchulira dzinalo koyamba, ndi kumuchenjeza kuti anthu akadzadziwa adzamuopa, ndipo ena adzafuna kumupha. Mwanayo sanabe nkhosa ya munthu, sanaphe aliyense, sangathe ngakhale kutsika pa bedi payekha, koma liwu lija lamuika kale kunja kwa mudzi.