Chipanda Choimba cha Malipenga

Lipenga limene anyamata a ku Mlare amaimba pa gule wa malipenga limamera m'munda. Mudziwu uli m'mbali mwa msewu wa M1, kumwera kwa boma la Karonga, ndipo monga m'midzi ina ya kumpoto, wopanga lipenga amayamba ndi kusankha chipanda cha khosi lalitali, chokhwima bwino, chopanda mng'alu. Amachisiya chiume mpaka njere ziyambe kuchita phokoso mkati akachigwedeza.

Kenako mpeni umagwira ntchito malo atatu. Amaboola kumimba kwa chipanda kuti mawu azitulukira, amadula nsonga ya khosi, ndipo pambali pa khosilo, pafupi ndi nsonga, amaboola kabowo koikapo mlomo. Njere ndi zinyalala zamkati amazikokota ndi kamtengo. Mpaka apa palibe chodabwitsa, ndipo mutauzira mpweya m'chipandacho simumva kanthu.

Luso lenileni lagona pa kachinthu kopyapyala kotseka nsonga ija. Akuluakulu amafunafuna m'makoma a nyumba ndi m'nkhokwe kachikuto koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake. Amakamatula pang'onopang'ono ndi chikhadabo, chifukwa kakang'ambika ngakhale pang'ono katha ntchito. Akakayala pansonga amakakoka ndi zala ziwiri, kumata m'mphepete, kuyesa ndi mawu, kumasula, kukokanso. Kakalimba kwambiri lipenga limakhala duu. Kakalobodoka limangopwepwera. Pakati pa ziwirizi pali malo ochepa zedi pamene kachikutoko kamanjenjemera bwino, ndipo khutu lokha ndilo limapapeza. Masiku ano ambiri amangodula kapepala kajumbo. Kamalimba ndithu, koma kwa ine mawu ake ndi ouma.

Woimba sauzira ngati wa bandi ya apolisi. Amaika mlomo pakabowo n'kuimba ndi kummero, kachikuto kaja n'kumanjenjemera, mimba ya chipanda n'kukuza mawuwo mpaka amveke ngati a lipenga lachitsulo. Chipanda chilibe mabowo osinthira mawu ndi zala, choncho nyimbo yonse ili m'khosi mwa munthu. Wa mawu osokonekera chipanda sichimubisa, chimamuulula patali. Zipanda zazing'ono zimapatsidwa kwa a mawu okwera, zikuluzikulu kwa a besi, amene amagunda pansi moti umamva m'chifuwa.

Palibe pepala lolembapo nyimbo. Wotsogolera amaponya kachigawo, anzake amayankha, ndipo aliyense amadzipezera kanjira kake pamwamba kapena pansi pa mawu a mnzake. Nyimbo imazungulira n'kubwerera pomwe inayambira, koma ulendo uliwonse wina amakometsera pake: uyu achedwe pang'ono kulowa, uyo adule mawu pakati kuti besi imveke yokha. Kupuma nakonso n'kwa dongosolo. Onse atapumira pamodzi nyimbo ingabooke, ndiye amasinthana mosauzana, wina akukoka mpweya mnzake atagwira. Nthawi zina amachotsa zipanda kukamwa n'kuimba mawu enieni, onena za m'mudzi kapena oseka gulu lopikisana nalo, kenako n'kubwerera ku zipanda osataya sitepe.

Ng'oma ndizo zimagwira zonsezi. Yaikulu ili ndi zikopa mbali zonse ziwiri, zokokedwa ndi zingwe, ndipo isanayambe ntchito amaiyanika padzuwa kapena kuiwamba pamoto kuti chikopa chilimbe. Yaing'ono imathamanga pamwamba pake mosalekeza. Maso a woimba ng'oma yaikulu sakhala pang'oma, amakhala pamapazi a ovina. Wotsogolera mzere akaliza wezulo kusintha sitepe, iye amayenera kugunda pomwe phazi likutera. Akalakwitsa kamodzi, mzere wonse wa amuna ovala makabudula ndi masokosi oyera umasokonekera pamaso pa alendo.

Ng'oma yaikuluyo, wezulo, mizere ndi maudindo monga mfumu ya gulu, dokotala ndi nesi zinatengedwa kwa asilikali, ndipo gulu lenilenilo limatchedwa boma. Anthu a ku Karonga anaona nkhondo pakhomo mu September 1914, pamene asilikali a Germany anamenyana ndi a King's African Rifles m'tauniyi. Nkhondo itatha mu 1918, magule otsanzira perete, ochokera ku gule wa beni wa kugombe la Aswahili, anafalikira m'mbali mwa nyanja. Ankhonde gule wawo amamutcha mapenenga, Achewa ali ndi mganda, umene zipanda zake amati mabadza.

Malipenga achitsulo anali a boma la atsamunda, ndipo m'midzi munalibe. Amisiri anamvetsera phokoso lake n'kulipeza m'chipanda ndi m'nyumba ya kangaude. Vuto la lipenga lachipandali n'lakuti kachikutoko sikachedwa kunyowa ndi mpweya wa m'kamwa. N'chifukwa chake pa mpikisano wa m'chilimwe, anthu atakolola, mumaona woimba akupatuka pambali, kupukuta nsonga ya chipanda, kumata kena, kuyesa kawiri ndi kummero, n'kuthamangira kumzere nyimbo isanazungulire.