Mwalimu Atagwira Foni: Masewero Amene Ana Athu Akusewera

Msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa, madrasa yathu kuno ku Kasungu imadziwa isanauzidwe. Ana amene dzinja lonse amabwera chosavala nsapato amatulukira ndi nsapato zatsopano, ndipo m'matumba mwa anyamata okulirapo mumayamba kulira mafoni. Chaka chino, tsiku lina titangomaliza Swala ya Asr, ndinapeza mnyamata wa zaka 14 atabisa foni kuseri kwa Juzu Amma yake, zala zili jijirijijiri. Ndinamulanda foniyo ndi kumuuza kuti masewero amenewo ndi haraam. Iye anaweramitsa mutu monga mwana woleredwa bwino, kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti, “Mwalimu, kodi inu munayamba mwasewerapo?”

Funsolo linandisowetsa mtendere. Ku koleji ya Chisilamu tinaphunzitsidwa kuti munthu asagamule chinthu asanachidziwe mmene chilili, ndiponso kuti liwu lakuti haraam ndi lolemera, si chikwapu choopsezera ana. Ine ndinali nditalitulutsa pa chinthu chimene ndinali ndisanachigwirepo. Choncho kwa masabata asanu ndi limodzi ndinakhala wophunzira wa ophunzira anga. Ndikulembera inu abale ndi alongo a ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi chifukwa ana ambiri amene ndimaphunzitsa ndi adzukulu anu, amene makolo awo anakwera kuno kudzagwira ntchito m'minda ya fodya kapena kudzachita malonda, ndipo masewero amene ali m'manja mwawo ndi omwewo amene ali m'manja mwa ana a kunyanja.

Ndinayambira pa mpira. Pa malo a malonda ngati athu pano simusowa kachipinda kamene muli kanema, makina a PlayStation, benchi ndi batire la sola, kumene anyamata amalipira kuti asewere. Masewerowo amawatchabe FIFA, ngakhale kampani ya EA Sports, imene inayamba kuwatulutsa mu 1993, inasintha dzinalo kukhala EA Sports FC mu 2023. Pa foni pali eFootball ya kampani ya Konami ya ku Japan, komanso Dream League Soccer, imene anyamata amaikonda chifukwa siifuna foni yamphamvu ndipo amatha kuveka timu yawo yunifomu yofiira ya Bullets kapena ya buluu ya Wanderers.

Ndinene poyera kuti masewero a mpira anandisangalatsa. Tsiku loyamba mwana wa sitandade 6 anandithira zigoli zisanu ndi ziwiri kwa duu, anzake akubisa kumwetulira m'manja poopa kuseka mwalimu. Sabata yachitatu ndinagoletsa chigoli changa choyamba, ndipo ndinazindikira kuti sichinali mwayi: ndinali nditaphunzira kudikira, kupatsira mpira pamene pali mpata ndi kusathamangira mdani ndi osewera onse. Amene wayeserera kwambiri ndiye amapambana. Anthu awiri amakhala benchi limodzi, amaonana nkhope, amaseka pamodzi. Azana ikamveka pali batani loimitsira, ndipo pakatha mphindi zowerengeka wenzulo imalira, masewero atha. Sindinapezemo chimene ndingachitche haraam. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anachitapo mpikisano wothamanga ndi mayi Aisha, ndipo analola anthu a ku Habasha kusewera ndi mikondo mu mzikiti tsiku la chisangalalo. Chisilamu sichidana ndi kuseka.

Chilema cha m'tizipinda timeneti chili pa kalipiridwe. Chizolowezi chake n'chakuti wogonja ndiye alipire masewero onse. Chimaoneka chaching'ono, koma lingalirani bwino: aliyense mwa awiriwo walowa ali pakati pa kutaya ndalama ndi kupulumutsa ndalama, ndipo chogamula ndi zotsatira za masewero. Maulama ambiri amati umenewu ndi mtundu wa juga, ngakhale ndalamayo ikhale yogulira chitumbuwa chimodzi. Mankhwala ake ndi osavuta. Aliyense alipire gawo lake asanayambe, kapena mmodzi alipirire mnzake mwa kufuna kwake, apambane kapena agonje.

Kenaka ndinalowa m'masewero amene ndinalanda aja, otchedwa Free Fire, amene kampani ya Garena ya ku Singapore inatulutsa mu 2017. Osewera 50, aliyense ali kwawo ndi foni yake, amatsitsidwa pa chilumba kuchokera mu ndege, amatola mfuti ndi mankhwala, n'kumaomberana pamene malo otetezeka akucheperachepera, mpaka atatsala mmodzi kapena gulu limodzi. Zonsezi zimatenga mphindi pafupifupi khumi. Amene anawapanga ndi amisiri, zimenezo sindingawamane. Mtima wanga, wa munthu amene wadutsa zaka makumi anayi, unagunda ngati ndikuthawa njovu za m'nkhalango ya Kasungu. Ndinaonanso ana akuchita zimene m'kalasi amazengereza: kuwerenga mapu, kugawana ntchito, kubwerera kukadzutsa mnzawo amene wagwa.

Makolo ambiri amadandaula za mfuti, ndipo sindikuwatsutsa. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sayenera kukhala madzulo onse akuphunzira kuloza anthu ndi mfuti, ngakhale anthuwo ndi zithunzi. Koma chimene chinandigwira ine si mfuti ayi. Masewerowa alibe batani loimitsira, chifukwa anthu ena 49 sangadikire kuti iwe uswali. Usiku wina azana ya Isha inamveka titatsala anthu anayi pa chilumba. Ndinati ndingomaliza. Nditamaliza ndili wachiwiri, chala chinathamangira chokha pa batani loyambiranso, ndipo pamene ndimafika ku mzikiti jamaa inali pa rakaa yomaliza. Cholakwacho ndi changa, sindikuchikankhira kwa wina. Koma ngati mwalimu amene amaphunzitsa ena za ubwino wa Swala ya pagulu anaterereka mu sabata yachiwiri yokha, tiyembekezere chiyani kwa mwana?

Ndinayamba kuona kuti masewerowa anamangidwa kuti asathe. Ukalowa tsiku lililonse umalandira kamphatso, ukajomba kamakupita. Udindo umene wakwera umatsitsidwa nyengo yatsopano ikayamba, kuti uyambirenso kukwera. Ndipo pali madayamondi, amene amagulidwa ndi ndalama zenizeni, ogwiritsa ntchito pozunguza gudumu limene lingakupatse chovala kapena mfuti yokongola, kapena kanthu kopanda pake. Ulipira usanadziwe chimene ulandire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Si Asilamu okha amene anaziona zimenezi: mu 2018 bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi a mwayi oterewa m'masewero a pakanema ndi juga, ndipo mu 2019 EA Sports inasiya kugulitsa m'dzikomo mapointi ogulira mapaketi a osewera a FIFA. Ngakhale mpira umene ndautama uja uli ndi khomo limeneli ukaulumikiza ku intaneti.

Mnzake wa Free Fire, wotchedwa PUBG Mobile, amatsitsa osewera 100 ndipo amafuna foni yamphamvu, n'chifukwa chake kuno sanafale kwambiri. Mu 2019 bungwe la maulama la ku Aceh m'dziko la Indonesia linagamula kuti ndi oletsedwa. Mu 2020 eni ake anachotsamo gawo limene wosewera amagwadira fano kuti apeze mphamvu, Asilamu a ku Kuwait ndi maiko ena atadandaula. Phunziro lake ndi lakuti masewero a pa intaneti amasintha usiku umodzi. Amene munawaona chaka chatha si amene mwana akusewera lero.

Amene anandidabwitsa kwambiri ndi Ludo King, ochokera ku India, amene anatuluka mu 2016. Awa ndi masewero a pakhonde: amayi, atsikana ndi agogo amazungulira foni imodzi akudikira kuti ndiwo zipse. Mulibe mfuti, mulibe magazi, safuna ngakhale bandulo. Komabe mwa onse amene ndinasewera, awa ndi amene mabuku athu amawayandikira kwambiri. Mu Sahih Muslim muli Hadith imene ikudzudzula mwamphamvu masewero a nard, amene amaseweredwa poponya dayisi, ndipo Ludo yonse imayenda ndi dayisi. Pa chesi, imene imadalira nzeru, maimamu anasiyana: Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja timatsata sukulu yake, anati ndi makruh malinga ngati palibe kubetcha ndipo Swala siikuchedwa, pamene ena anailetsa. Pa dayisi ambiri anagwirizana zoletsa, ndipo maulama ambiri a masiku ano amaika Ludo m'gulu lomwelo ngakhale dayisiyo ili pa galasi la foni. Ineyo nditasewera ndinamva chifukwa chake. Palibe chimene ndinaphunzira pa tsiku lakhumi chimene sindinachidziwe tsiku loyamba; mtima umangozolowera kudikira mwayi.

Yerekezani ndi bawo, imene akuluakulu athu akhala akusewera pansi pa mitengo ya mango ku Nkhotakota ndi ku Mangochi kwa mibadwo yambiri. Maenje 32, njere 64, ndipo palibe chobisika: zonse zili poyera, wopambana ndi amene wawerengera patali. Azana ikamveka njere zimatsala m'maenje mwake, anthu n'kupita kukatawadha, ndipo akabwerako amapeza masewero ali pomwe anawasiya. Sindikunena kuti chakale chilichonse n'chabwino. Bawo nayonso yachedwetsapo anthu ku Swala ndipo ena amaibetcherana. Ndikungoti muyeso tili nawo kale m'mudzi mwathu.

Pali amodzi amene sindinawagwire, ndipo sindidzawagwira: Aviator, amene anthu amawatcha kandege, opangidwa ndi kampani ya Spribe ndipo amapezeka m'makampani a zobetcha. Amavala zovala za masewero a pafoni koma ndi juga yopanda chophimba. Munthu amaika ndalama, kandege kamanyamuka, nambala yochulukitsira ndalamayo imakwera, ndipo ayenera kutulutsa ndalama zake kandegeko kasanathawe. Nthawi imene kathawire imasankhidwa ndi makina, palibe diso kapena luso limene lingaidziwe. Eni ake amanena okha kuti amabweza 97 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti pa K100 iliyonse imene anthu onse pamodzi aika, K3 imatsalira nyumba, ndipo ndalama yomweyo ikazungulira kambirimbiri imatha ngati mchere m'madzi. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Maidah ndime 90 ndi 91, inaika juga pamodzi ndi mowa, n'kutchula zipatso zake: udani pakati pa anthu ndi kutchinjirizidwa ku kukumbukira Allah ndi Swala.

Kuno ngozi yake ndi yaikulu chifukwa ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka. Banja limafesa nazale mu Seputembala, limawokera ndi mvula yoyamba, limathyola, limasoka, limayanika m'zigafa, limasankha ndi kudinda mabelo, ndipo thukuta la miyezi yonseyo limatha kulowa mu foni imodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kunyanja ndalama ya usipa imabwera pang'onopang'ono, choncho imathanso mwakachetechete, osaoneka bala. Mwana amene wazolowera kuzunguza gudumu la madayamondi ali ndi zaka 12 sadzaona chachilendo pa kandege akadzakwana zaka 18.

Nditamaliza masabata anga ndinamuitana mnyamata uja pamaso pa bambo ake. Ndinamupepesa chifukwa chogamula ndisanadziwe, ndipo ndinamuuza zimene ndapeza: mpira asewere, koma aliyense azilipira yekha, Free Fire asaiyambe nthawi ya Swala ikayandikira, asaikemo ndalama ngakhale tambala imodzi, ndipo akaona kuti akulephera kusunga malirewo aichotse, Ludo aisiye, kandege asakayandikire. Foni isalowe m'madrasa ndipo isagone naye pamphasa. Bambo ake anavomera kuti usiku izigona kwa iwo.

Kwa inu makolo anzanga, pempho langa ndi lakuti musanalande foni mukhale pansi ndi kumuuza mwana kuti akuphunzitseni. Mufunse ngati masewerowo angaime azana ikamveka, ndiponso ngati amapempha ndalama pa chinthu chosadziwika. Mayankho a mafunso awiriwa adzakuuzani zambiri kuposa dzina la masewerowo, pakuti maina amasintha chaka ndi chaka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 linavomereza kuti kukodwa ndi masewerowa ndi matenda, ndipo zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika masewero patsogolo pa zina zonse ndi kupitirizabe ngakhale zinthu zikuonongeka. Mukaona zimenezi mwa mwana, kukalipa kokha sikukwanira; mufunse thandizo kwa Shehe ndi kwa achipatala.

Mnyamata uja akupitiriza kuloweza Surah An-Naba, ndipo Loweruka lapitalo anandigonjetsa zigoli zitatu kwa chimodzi, aliyense atalipira gawo lake. Pamene ndalondola ndi chisomo cha Allah, pamene ndalakwitsa ndi kufooka kwanga, ndipo Allah ndiye Wodziwa koposa.