Chibwenzi chikatha, mlembi asathamangire chikwapu

Nkhani zambiri zachichewa zokamba za chikondi choyamba cha achinyamata zimayenda njira imodzi. Mnyamata afunsira mtsikana, awiriwo azemba makolo, kenaka mlembi atulutsa chikwapu: mimba, matenda, kusiya sukulu, mwinanso maliro. Chizolowezichi chili ndi gwero lake. Zopeka zathu zinakulira m'manja mwa aphunzitsi ndi amishoni, ndipo mabuku ngati Nthondo la Samuel Josia Ntara, la 1933, ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe analembedwa kuti alangize. Koma mlembi akalowetsa mwambo umenewu m'nkhani ya chikondi, amamana wowerenga wa zaka 16 chimene anatsegulira bukulo: kumva mmene mtima umawawira chibwenzi chikatha popanda wolakwa.

Dera la Mfumu Njombwa ku Kasungu likusonyeza kuti chikwapucho n'chosafunika, chifukwa moyo weniweni umalekanitsa kale anthu. Kumeneko chaka chimayendera fodya. Nazale amafesa mvula isanagwe, kuwokera kumadza ndi mvula, kenaka kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa ndi kudinda mabelo opita ku okushoni ya Chinkhoma. Kwa zaka zambiri maesiteti a ku Kasungu akhala akulandira mabanja ochokera kutali, ena kumwera kwenikweni, odzalima ngati matenanti, mchitidwe umene lamulo linauletsa mu 2021. Tsono taganizani za mwana wa banja lotere amene wakondana ndi mwana wa m'mudzi. Onse awiri akudziwa kuti fodya akagulitsidwa, bwana akawerengera ngongole ya chimanga ndi feteleza, banjalo likwera lole. Mlembi waluso safunikanso woipa m'nkhani yotere. Amangoti chigafa chizidzaza tsamba ndi tsamba, wowerenga n'kumaona yekha kuti masiku akutha. Kupweteka kumakhala m'zinthu zazing'ono: manja akuda ndi utomoni amene mnyamata akuchita nawo manyazi popereka moni, mayunitsi osakwana kuimba foni, mtsikana amene akufunsa za mtengo wa fodya pomwe chimene akufunsa ndi tsiku lonyamuka.

Ena adzati nkhani yopanda chilango ikulimbikitsa chiwerewere, makamaka m'dziko limene linachita kusintha malamulo ake aakulu mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo mimba za ana asukulu si nkhani yoibisa. Komabe wachinyamata amazindikira msanga buku limene likumuopseza, ndipo akatero amasiya kulikhulupirira. Amene amamugwira mtima ndi mlembi amene wayamba wavomereza kuti chikondi cha ana a Fomu 2 n'chenicheni kwa eni akewo. Ngakhale pamene mimba yalowa m'nkhani, kuthera pomwepo ndi ulesi, pakuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Tsiku limene akulowanso m'kalasi, anzake akunong'onezana, mnyamata uja atakhala kumbuyo, lili ndi nkhani yochuluka kuposa maliro.

Enanso adzati achinyamata amafuna za m'tauni, monga zinalili m'mabuku ambiri a Pacesetters amene Macmillan anayamba kutulutsa mu 1977. Mabukuwo ankakondedwa chifukwa nkhani inkathamanga ndipo anthu ake ankalankhula ngati anthu, osati chifukwa cha magalimoto okha. Luso limenelo limatheka pa mjigo ndi pa msika wa kumudzi, bola zokambirana zimveke ngati za ana a ku Kasungu, amene amazungulira mawu, kuseka pobisa manyazi ndi kutuma mnzawo kukanena zimene iwo akuopa. Pamene wachinyamata wa m'nkhani wayamba kulankhula miyambi ngati nkhoswe, ndiye kuti mlembi wamulanda pakamwa.

Alembi a nkhani zazifupi m'nyuzipepala ndi aphunzitsi otsogolera magulu a zolembalemba m'sukulu za sekondale, lolani mtsikana wa kwa Njombwa asiyidwe, alire, mawa lake apite kukalemba mayeso, osamupha kapena kumulalikira.