Luso Lochereza Alendo ku Ditchley Park

Ditchley Park ndi nyumba yamiyala ku Oxfordshire, m'dziko la England, yomangidwa m'zaka za m'ma 1720 potsatira pulani ya James Gibbs. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, nduna yaikulu Winston Churchill ankakagonako mwezi ukawala, poopa kuti ndege za adani zingaone mosavuta Chequers, nyumba yopumulirako ya nduna yaikulu. Mu 1958 Sir David Wills anakhazikitsa Ditchley Foundation, ndipo nyumbayi inasanduka malo okambirana nkhani zokhudza mayiko.

Kuchereza alendo m'nyumba yotere ndi luso lenileni. Oitanidwa amakhala ochepa, ndipo zimenezi n'zadala. Amagona momwemo, kudyera pamodzi, ndi kulankhula momasuka, pakuti lamulo ndi lakuti zonenedwa zisatuluke ndi dzina la wonena. Zimene zakanika pamsonkhano nthawi zambiri zimatheka pa chakudya chamadzulo kapena poyenda m'munda.

Oyenera kuwayamikira kwambiri ndi ophika, okonza zipinda ndi osamalira munda. Iwowa amatumikira akuluakulu a mayiko mwakachetechete, kwinaku akuteteza makoma ndi zokongoletsa za zaka pafupifupi 300 kuti zisawonongeke. Popanda iwo, nyumbayi ikanangokhala chinthu chokaona basi.