Mchenga wa mu Lifidzi ndi wa yani? Kuwerenga ndime 8 ya Lamulo la Malo

Ndime 8 ya Lamulo la Malo la dziko la Mozambique, lija la nambala 19/97 la pa 1 Okutobala 1997, sitchula nsomba ndipo mchenga siutchulanso. Komatu munthu wa ku Ulónguè kapena ku Dómuè amene wapeza thanki yagalasi, n'kufuna kubzalamo zomera za m'madzi ndi kuwetamo tinsomba, ndimeyi ikumukhudza. Miyala ya m'mapaketi yoyala pansi pa thanki ndi yodula, ndipo kuno siipezeka wamba. Ndiye munthu amangotenga ndowa, ulendo wa kumtsinje, poti mchenga wa kumeneko amati ndi waulere.

Ndimeyi ndi mndandanda wa malo amene boma limawateteza pang'ono, osati kotheratu. Poyambirira penipeni pali mawu akuti "o leito das águas interiores", kutanthauza pansi pamene madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja amagonapo. Olemba lamulo sanayambe ndi madziwo, anayamba ndi nthaka imene yawanyamula. Izi zili ndi kanthu. M'mwezi wa Seputembala, mtsinje wa Lifidzi ukaphwa n'kusiya mchenga poyera, diso limaona ngati pasanduka mtunda wopanda mwini. Ndimeyi sinena kuti madzi akachoka chitetezo chimachoka nawo.

Malo ena a pamndandandawu anawapima. Mamita 100 kuzungulira kasupe, mamita 250 kuzungulira damu, mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu, 15 m'mbali mwa misewu yaing'ono, makilomita 2 motsata malire a dziko. Pansi pa mtsinje sanaikepo muyeso, ndiye kuti ndi ponse. Za makilomita 2 zija zimaseketsa ukaima pa Calómuè n'kuona minda ndi nyumba zitafika mpaka pamalire ndi Dedza. Anthu akhala pamwamba pa ndimeyi zaka zonsezi, ambiri osaidziwa n'komwe. Koma za akasupe si zoseketsa. Kuno ku Angónia ndi dziko lokwera, ndipo madzi otumphuka kuno ndi amene amatsika ndi mtsinje wa Revúbuè kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Wokumba pakasupe amalanga anthu akumunsi amene sadzawaona nkhope.

Nanga kuteteza pang'onoko n'kutani? Yankho lili mu ndime 9: pamalo otere munthu sangapeze DUAT, ufulu uja wogwiritsa ntchito malo, koma boma likhoza kupereka chilolezo chapadera cha ntchito inayake. Mukaphatikiza ndi ndime 3, imene imati malo ndi a boma ndipo sagulitsidwa, nkhani imamveka. Munthu wonena kuti mchenga ndi wake chifukwa dimba lake lagunda mtsinje alibe poimira m'ndime zimenezi. Ndalama imene timapatsa mwini ngolo wotibweretsera mchenga ndi ya thukuta lake ndi la ng'ombe zake.

Pamene ndimeyi yandikhumudwitsa ndi pamene yakhala chete. Sisiyanitsa mwana wasukulu wonyamula ndowa ndi lole imene imabwera m'mawa ndi madzulo mpaka gombe kugumuka. Zokumba mchenga womangira zili m'lamulo lina, la migodi la 2014, ndiye wowerenga ndime 8 yokha amatsala m'malere. Chonsecho thanki ya masentimita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi, mutayala mchenga wokwera masentimita 5, imangodya malita 9. Mchengawo sufika ndi theka lomwe la ndowa ya malita 20.

Chodabwitsa n'chakuti mwini thanki ndi amene amafulumira kumvetsa chimene olemba lamulo ankateteza, chifukwa amachionera pagalasi. Mchenga wosalala ngati ufa woyera umagwirana, mpweya osalowa, ndipo pakapita miyezi pansi pamada bii. Mukatokosa ndi kamtengo pamatuluka thovu lonunkha mazira owola, mizu itafa kale. Wabwino ndi wokhakhala, wa timiyala ta milimita 1 mpaka 3, umene madzi amadutsamo. Mumautsuka m'beseni, kukhuthula madzi amatopewo mobwerezabwereza mpaka ayere mbee. Kenaka tapani pang'ono, muumitse, mudonthezepo viniga. Ukachita thovu muli laimu, ndipo laimu amalimbitsa madzi. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zimakondwa nawo madzi otero, koma zomera zina za m'thanki zimanyentchera.

Kuno tilinso ndi vuto lathulathu. Madimba a mbatata ya kachewere ndi tomato amadya feteleza ndi mankhwala ambiri, ndipo mvula imakokolera zonsezo kumtsinje. Mchenga wotapa kumunsi kwa madimba ungakubweretsereni ndere zobiriwitsa galasi lonse, mwinanso kupha nsomba. Komanso mchenga paokha sudyetsa mizu. Ambiri amayala dothi lakuda masentimita 2 kapena 3 pansi n'kulikwirira ndi mchenga, njira imene Diana Walstad wa ku America anaitchukitsa ndi buku lake la mu 1999. Dothilo litapeni pamene sipanathiridwe feteleza.

Wina anganene kuti angotola mchenga umene mvula yaunjika m'ngalande za pamsewu. Ayang'anenso ndimeyi, m'mbali mwa msewu mulinso pamndandanda womwewo, ndipo mchenga wake umakhala ndi oyilo wa galimoto.

Choncho inu ofuna kuyala thanki, pitani kwa mnansi amene akumanga nyumba mukapemphe theka la ndowa pamulu wake wa mchenga. Inde, nawonso unachokera kumtsinje, koma inu simunakumbe dzenje latsopano. Ngati mwasankha kutsikira ku Lifidzi, dzerani kaye kwa amfumu, mukatape pakati pamene madzi aunjika okha, ndipo gombe ndi kasupe muzisiye.