Khutu la Mtolankhani: Kupenda Mabuku a Robert MacNeil Onena za Chingerezi

Cholinga cha pepala lino ndi kupenda mabuku a malemu Robert MacNeil, mtolankhani wa pa wailesi yakanema amene adamwalira mu Epulo 2024 ali ndi zaka 93. MacNeil sadali katswiri wa zinenero. Komabe ntchito zake ziŵiri, The Story of English ya mu 1986 ndi Do You Speak American? ya mu 2005, zidafikitsa nkhani za chinenero m'nyumba za anthu amene sakadatsegula buku la galamala pa okha. Funso limene tikufuna kuyankha nlakuti: kodi luso la utolankhani lidampatsa chiyani mkuluyu pa nkhani ya chinenero, nanga lidammana chiyani?

Adabadwira ku Montreal mu 1931 nakulira ku Halifax, m'dziko la Canada. Adagwira ntchito ku Reuters mu mzinda wa London kuyambira mu 1955, kenaka adaloŵa NBC mu 1960, ndipo adali ku Dallas pa 22 Novembala 1963, tsiku limene Pulezidenti Kennedy adaphedwa. Dzina lake lidamveka kwambiri mu 1973 pamene iye ndi Jim Lehrer ankaulutsa pa PBS kafukufuku wa aphungu pa mlandu wa Watergate. Mu 1975 adayamba pologalamu ya madzulo imene inkatenga nkhani imodzi yokha nkuisanthula kwa theka la ola, ndipo adapuma pa ntchitoyi mu 1995. Pa zonsezi chimene chikutikhudza ife ndi chizoloŵezi chimodzi: kumleka munthu kuti amalize kuyankhula.

Kuti tione kulemera kwa chizoloŵezichi, tiyerekeze MacNeil ndi mnzake wa ku NBC, Edwin Newman, amenenso adalemba za chinenero. Buku la Newman lotchedwa Strictly Speaking, la mu 1974, ndi dandaulo lakuti Aamereka akuononga Chingerezi. Newman ankamvetsera anthu kuti aŵagwire pa cholakwa, monga mphunzitsi wonyamula choko chofiira. MacNeil adatenga njira ina. M'zigawo zisanu ndi zinayi za The Story of English, makina ojambulira adapita kwa anthu eni ake: oyankhula Chigullah pa zilumba za kugombe la South Carolina, anthu a kum'maŵa kwa London, Askoti, oyankhula Chikrio ku Sierra Leone, alakatuli a ku Jamaica. Onseŵa adaima pamaso pa oonera monga mboni za mbiri ya chinenero, osati monga zitsanzo za kuphonya malamulo.

Buku lotsagana ndi pologalamuyi adalilemba atatu, Robert McCrum, William Cran ndi MacNeil, choncho zabwino ndi zofooka zake sitingazisenzetse munthu mmodzi. Chofooka choyamba nchochokera ku kusamuka kwa nkhani kuchoka pa kanema kudza pa pepala. Umboni weniweni wa pologalamu udali liu: kutalika kwa malembo aliu, kukwera ndi kutsika kwa mau, liŵiro la woyankhula. Bukuli siligwiritsa ntchito zizindikiro za katchulidwe zimene akatswiri amalembera, koma limapotoza kalembedwe ka masiku onse kuti kafanane ndi zimene khutu lidamva. Zotsatira zake nzakuti nkhalamba imene pa kanema idamveka yanzeru, pa tsamba imaoneka ngati munthu wosadziŵa kulemba. Izi zikutsutsana ndi cholinga cha alembiwo.

Chofooka chachiŵiri nchachikulu, ndipo nchimene okonza ndondomeko za zinenero ayenera kuchiona. Mtolankhani amafuna nkhani yokhala ndi mwini nkhani, ndipo pano mwini nkhaniyo ndi Chingerezi: kachinenero ka mafuko oŵerengeka amene adaoloka nyanja kuloŵa ku Britain zaka za m'ma 400, kamene kadakula mpaka kuzungulira dziko lonse lapansi. Nthano ya mtundu umenewu imakoma, koma imaŵerengera zimene wopambana adapata, osati zimene ena adataya. Kunena zoona, Chigaeliki cha ku Ireland ndi ku Scotland chidapatsidwa malo, ndipo kufota kwake kudafotokozedwa mwachifundo. Zinenero za mu Afirika ndizo zimaoneka makamaka ngati nkhokwe kumene Chingerezi chidatapako mau, kapena ngati makolo a zinenero zosakanizika za m'madoko. Nzochititsa chidwi kuti m'chaka chomwecho cha 1986 Ngũgĩ wa Thiong'o adatulutsa Decolonising the Mind, buku lofotokoza mbiri yomweyi kuchokera kwa mwana wa ku Kenya amene ankalangidwa pa sukulu chifukwa choyankhula Chigikuyu. Wophunzira woŵerenga limodzi la mabuku aŵiriŵa osaŵerenga linzake wamva mlandu mbali imodzi.

Gwero la chikondi chotere pa Chingerezi tikulipeza mu Wordstruck, buku la mu 1989 losimba za ubwana wake. M'menemo akufotokoza za mai ake amene ankamuŵerengera mabuku mokweza, za mapemphero a mpingo wa Anglican, ndi za m'mene kanema wa Hamlet wa Laurence Olivier adamtsegulira makutu. Ndi buku lolembedwa bwino koposa ena onse, chifukwa wolembayo akuyankhula za chinthu chimene palibe wina angachidziŵe. Likuonetsanso poyera kuti kwa MacNeil Chingerezi chidadza ndi liu la mai ake, pamene kwa ana ambiri a m'maiko olamulidwa ndi atsamunda chidadza ndi liu la mphunzitsi.

Pa nthano zake zopeka sitichedwapo. Burden of Desire ya mu 1992, yokhazikika pa kuphulika kwa sitima ya zida pa doko la Halifax mu Disembala 1917, ndiyo yolimba. Breaking News ya mu 1998 ndi mtolankhani wokalamba akudandaula za kuloŵa pansi kwa ntchito yake, nkhaŵa imene adaiyamba kale mu The People Machine mu 1968.

Do You Speak American?, imene adalemba ndi Cran, ndiyo ntchito yake yokhwima pa nkhani yathu, mwina chifukwa chakuti idaleka kuzungulira dziko lonse nkukhala m'dziko limodzi. Muno akatswiri ndiwo akutsogolera. William Labov akuonetsa m'mene malembo aliu akusunthira m'mizinda ya kumpoto monga Chicago ndi Detroit, kotero kuti liu lakuti block limamveka ngati black kwa mlendo. John Baugh akuimbira lamya eni nyumba za lendi m'kayankhulidwe kutatu kosiyana, ndipo yankho limene amalandira limasintha malinga ndi mtundu umene mwini nyumba waganizira. Mlandu wa ku Ann Arbor wa mu 1979, pamene bwalo lidalamula kuti aphunzitsi aziganizira kayankhulidwe ka kunyumba kwa ana akuda poŵaphunzitsa kuŵerenga, ukukumbutsidwanso. Apa chinenero chaleka kukhala chokondweretsa khutu chabe. Chasanduka nkhani ya nyumba, sukulu ndi ntchito.

Mfundo ya Labov ili ndi kanthu kena kamene munthu wa pa wailesi sakadakondwera kukamva, koma MacNeil adakalemba osabisa: zaka makumi angapo za wailesi ndi kanema sizidafananize katchulidwe ka Aamereka. Mau atsopano amafala ndi wailesi, koma katchulidwe munthu amatengera kwa anzake amene amacheza nao. Kuno kwathu, Chicheŵa chitasankhidwa mu 1968 ndipo Chichewa Board itakhazikitsidwa mu 1972, pologalamu ya Tiphunzire Chicheŵa pa MBC idatsata njira ya Newman, yokonza zolakwa. Bungwelo lidaloŵedwa m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996, ndipo mpaka lero munthu wa ku Nsanje, wa ku Kasungu ndi wa ku Nkhotakota amazindikirika msanga akangoyamba kupereka moni.